Ntchito ikhale ya gulu, koma aliyense aonetse ndime yake

Nyengo ya mapulojekiti ikakwana m'sukulu zaukachenjede za muno mu Blantyre, mkangano wakalekale umadzukanso, ndipo ulendo uno wandipeza pakhomo panga penipeni. Ophunzira sayansi ya makompyuta a m'chaka chomaliza amaikidwa m'magulu, amauzidwa kuti apange pulogalamu yothetsa vuto lenileni, ndipo m'makosi ena amalamulidwanso kujambula kanema woonetsa zimene apangazo. Ophunzira akhama akudandaula kuti akubereka anzawo aulesi mpaka tsiku lovala magauni, makolo akufunsa ngati analipira fizi kuti mwana wawo akhale wojambula mafilimu, ndipo aphunzitsi ena, atatopa ndi madandaulowa, ayamba kunena kuti kuli bwino aliyense azipanga pulojekiti yakeyake n'kulemba lipoti basi. Ine ndimadyera makompyuta omwewa: ndimalemba mapulogalamu, ndipo nthawi zina ndimakhala nawo pofunsa mafunso achinyamata ofuna ntchito. Ndineneretu pamene ndaima. Pulojekiti ya chaka chomaliza ipitirire kukhala ya gulu ndipo kanema asachotsedwe, koma malikisi aleke kugawidwa ngati nsima ya pamaliro imene amadya aliyense wofika, kanemayo akhale umboni wa ntchito m'malo mokhala chionetsero cha luso lojambula, ndipo kukonzekera kuyambe chaka chomaliza chisanafike.

Mwana wa achemwali anga, amene akukhala ndi ine ku Chitawira pamene akumaliza maphunziro ake, anabweretsa gulu lake kunyumba Loweruka lina kuti ajambule kanema wawo. Anali asanu, anyamata anayi ndi mtsikana mmodzi, ndipo laputopu yoti n'kugwirira ntchito inali imodzi. Foni anaiyedzamiritsa pachitini cha mkaka chimene anachisanjika pamwamba pa mabuku, ndipo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka ankakangana za nyimbo yoyambira kanemayo, za malaya oti avale, ndiponso za tambala wa aneba amene ankalira nthawi iliyonse wina akatsegula pakamwa. Pulogalamu yawo inali yothandiza sitolo yaing'ono ya mankhwala kudziwa katundu amene watsala ndi amene ali pafupi kutha mphamvu. Zimene anajambula zinali tsamba lolowera, mndandanda wa mankhwala amene anawalemba okha usiku wadzulo lake, ndi mawu othokoza aphunzitsi. Nditawabweretsera tiyi ndinafunsa funso limodzi lokha: kodi netiweki ikaduka wogulitsa ali pakati polemba malonda, zimene walembazo zimapita kuti? Anthu anayi anatembenukira kwa mnyamata mmodzi amene anakhala pakona, ndipo mwana wa achemwali angayo anati, "Malume, mbali imeneyo amaidziwa ndi awawa." Kutembenuka kwa mitu inayi ija ndiye nkhani imene tikukanganirana, koma sindikhulupirira kuti mankhwala ake ndi kuthetsa magulu.

Ndikukana kuthetsa magulu chifukwa pulogalamu yogwiritsidwa ntchito ndi anthu enieni silembedwa ndi munthu mmodzi. M'mabanki amene malikulu awo ali mumzinda muno, m'makampani a mafoni amene amayendetsa Airtel Money ndi Mpamba, ngakhale m'maofesi aang'ono ngati yathu, wolemba mapulogalamu watsopano sapatsidwa tsamba loyera kuti ayambe zake. Amapatsidwa khodi, kutanthauza mizere ya malangizo imene imapanga pulogalamu, imene analemba munthu wina, mwina amene anasiya ntchito zaka zitatu zapitazo, amauzidwa kuti aimvetse, asinthe kachigawo kamodzi popanda kugwetsa zina, kenako mnzake aione asanailowetse. Luso limeneli, lotsata maganizo a munthu wina, lolandira chidzudzulo pa ntchito ya manja ako, lophatikiza zimene anthu awiri asintha pamalo amodzi, munthu sangaliphunzire atadzitsekera yekha m'chipinda. Malo ophunzirira za makompyuta achuluka kuzungulira Blantyre: MUST inatsegulidwa ku Thyolo mu 2014, Polytechnic ija ya pa Chichiri inaima payokha n'kukhala MUBAS mu 2021, ndipo pali makoleji enanso amene si aboma. Motero makalata ofunsira ntchito amene amafika patebulo pathu amafanana kwambiri, ndipo chimene chimasiyanitsa wina ndi mnzake m'mwezi woyamba wa ntchito kawirikawiri si kuthwa kwa mutu, koma ngati anayamba wasenzapo denga limodzi ndi anthu ena.

Komabe otsutsa magulu ali ndi mfundo yolemera, ndipo kuinyoza kungakhale kusaona mtima. Iwo amati m'gulu lililonse mumakhala wina wokolola pamene sanalime, kotero digiri, imene iyenera kuchitira umboni za munthu mmodzi, imasanduka mboni yabodza. Khalidwe limeneli si la ku Malawi kokha. Katswiri wa zaulimi wa ku France, Max Ringelmann, anaonetsa m'zimene anasindikiza mu 1913 kuti anthu akamakoka chingwe pagulu, mphamvu ya aliyense imachepa poyerekeza ndi pamene akukoka yekha. Koma tikaonetsetsa, chimodzi mwa zimene zimafooketsa anthu pachingwe n'chakuti palibe amene angaloze kuti mphamvu iyi ndi ya uje. Makolo athu vutoli analidziwa, n'chifukwa chake pa dima, ngakhale munda umakhala umodzi ndipo thobwa limakhala la onse, wolima aliyense amagwira ndime yake, ndipo wotsalira amaonekera poyera popanda womuneneza. Pa ntchito yolemba mapulogalamu ndime zoterezi zilipo kale. Git, chida chimene Linus Torvalds analemba mu 2005 kuti chithandize anthu ambirimbiri ogwirira limodzi ntchito ya Linux, pulogalamu yaikulu yoyendetsa makompyuta, chimasunga dzina la munthu, tsiku, ola ndi mizere yeniyeni imene wasintha nthawi iliyonse akapereka ntchito. Mphunzitsi amene walamula kuyambira sabata yoyamba kuti gulu lililonse lizisunga ntchito yake mwa njira imeneyi, kaya pa GitHub, malo a pa intaneti osungirako ntchito za Git, kaya pakompyuta ya kusukulu, sadaliranso miseche ya ophunzira kuti adziwe amene walima ndi amene wangotulukira pa nthawi ya thobwa.

Ndikudziwa kuti wina andiyankha kuti mbiri ya pa Git imanamizika, ndipo akunena zoona. Wophunzira wochenjera akhoza kusintha kachilembo kamodzi maulendo 50 kuti dzina lake lichuluke, ndipo gulu la laputopu imodzi, ngati lija la kunyumba kwanga, likhoza kupezeka kuti ntchito yonse yalembedwa m'dzina la mwini laputopu. Vuto lachiwirili ndi lopepuka, pakuti Git imalola aliyense kuika dzina lake pa ntchito imene akupereka ngakhale makina ali amodzi, bola ophunzira auzidwe msanga. Loyambalo limathetsedwa ndi mafunso a maso ndi maso: wophunzira aliyense akhale yekha pamaso pa mphunzitsi kwa mphindi 10, atsegule chigawo chimene akuti n'chake, afotokoze chifukwa chimene anachilembera chotero, kenako auzidwe kusintha kanthu kakang'ono pomwepo. Amene sanalembe amadziwika mphindi ziwiri zisanathe. Ine ndikanakhala wokonza kosi, pa malikisi 100 alionse ndikanapereka 40 ku gulu chifukwa cha pulogalamu yonse, ndipo 60 otsalawo aliyense akanadzipezera yekha. Pano ndionjezepo mfundo imene ophunzira akhama sakonda kuimva: m'magulu ambiri amene ndawaona, wolakwa sakhala waulesi yekha. Pamakhalanso wodziwa kwambiri amene amalanda anzake makasu poopa kuti amuonongera malikisi, amalemba zonse yekha usiku, kukacha n'kumadandaula kuti palibe womuthandiza. Ndipo kawirikawiri woyamba kulandidwa khasu amakhala mtsikana, amene amauzidwa kuti iye alembe lipoti ndi kuonekera pakanema poti Chingerezi chake chimamveka bwino. Malikisi akakhala a munthu payekha, mtsikanayo amakhala ndi chifukwa chomveka chokanira, ndipo wodziwa kwambiri uja sapindulanso kanthu pokumbatira ntchito yonse.

Otsutsa ena alibe vuto ndi magulu, vuto lawo ndi kanema. Iwo amati kujambula ndi kulumikiza zithunzi si sayansi ya makompyuta, ndiponso kumakondera ana a anthu ochita bwino amene ali ndi foni yabwino, laputopu yamphamvu ndi bandulo yosatha, pamene wochokera ku Mbayani kapena ku Bangwe, amene ndalama ya ngongole ya sukulu imamuthera pa lendi ndi minibasi, ayenera kusankha pakati pa nkhomaliro ndi kutumiza fayilo yaikulu pa intaneti. Dandauloli ndi loona malinga ngati kanema akuweruzidwa ngati filimu, ndipo zimene ndinaona Loweruka lija zikusonyeza kuti ophunzira amaganiza choncho pokhapokha atauzidwa zina momveka. Choncho yankho lili m'manja mwa wolemba malamulo a kosi. Alembe kuti nyimbo, zithunzi zouluka ndi masuti sizibweretsa malikisi ngakhale pang'ono. Alembe kuti chofunika ndi kujambula zimene zikuchitika pasikirini, zomwe pulogalamu yaulere ngati OBS Studio imachita pa laputopu wamba, pamodzi ndi mawu a wofotokoza. Kanema asapitirire mphindi 6, aliyense alankhule za chigawo chake, ndipo gulu liloledwe kukamupereka pa fulashi ku labu m'malo momutumiza pa intaneti. Koposa zonse, alembe kuti gulu lionetse pulogalamu yawo ikukumana ndi zovuta: munthu alembe zilembo pamalo pa nambala, netiweki idulidwe dala, anthu awiri agule botolo lomaliza nthawi imodzi. Ndalama za makolo zilibe pogwira pa kanema wotere.

Nanga ngati kanemayo ndi wosakometsa chonchi, phindu lake n'chiyani poti ophunzira akhoza kungoonetsa pulogalamu pamaso pa aphunzitsi? Aliyense amene anakhala mu Blantyre mu 2022 mbali ina ya yankho akuidziwa. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale chaka chimenecho, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo magetsi ankazima maola ambiri patsiku kufikira malowo atakonzedwa mu 2023. Ntchito ya chaka chathunthu siyenera kuweruzidwa pa mphindi zochepa zimene magetsi, netiweki kapena batire ya laputopu yokalamba zikhoza kuzilanda. Koma phindu lalikulu lili pena. Munthu amene akuyesa kufotokoza chigawo chake m'mphindi imodzi, n'kudzimvera yekha pambuyo pake, amazindikira msanga malo amene sakuwamvetsa, chifukwa lilime limayamba kupunthwa pomwepo. Kuonjezera apo, kanemayo amatsala m'manja mwa mwini wake. Lipoti la masamba 80 limakagona pashelefu, pamene kanema waufupi wophunzira akhoza kumutumiza kwa wolemba ntchito ku Lilongwe, ku Johannesburg kapena kwina kulikonse, ndipo ine ndikuulula kuti pakati pa makalata ofanana, amene abwera ndi chinthu choti ndichione chikuyenda ndi amene ndimayamba kuwaitana. Ndikanakondanso kuti mphindi imodzi ya kanemayo izikhala ya m'Chichewa, yolankhula kwa mwini sitolo kapena mlembi wa banki m'khonde amene adzagwiritse ntchito pulogalamuyo, chifukwa wophunzira amene sangathe kufotokozera mayi wa mumsika wa Limbe zimene zichitike akadina batani ndiye kuti sanamalize kuganiza.

Palinso mtsutso watsopano umene wakula kuyambira pamene ChatGPT, pulogalamu ya nzeru zopangapanga (AI) yoyankha mafunso ndi kulemba zinthu, inatuluka mu Novembala 2022. Ena akuti popeza makina tsopano amalemba khodi, lipoti, ngakhalenso mawu oti munthu awerenge pakanema, pulojekiti yochitira kunyumba yatha ntchito, ndipo tibwerere ku mayeso a m'holo, a cholembera ndi pepala. Mantha awo ndi omveka, ndipo ndikuvomera kuti kanema payekha sangatiteteze, pakuti kuloweza mawu olembedwa ndi makina sikufuna nzeru zambiri. Koma mayeso a maola atatu amayesa zimene munthu akukumbukira ndi zimene angaganize mofulumira. Sangayese ngati munthuyo angathe kumvetsera wogulitsa mankhwala, kusankha choyenera kuyambira, ndi kukonza chimene chaonongeka patatha miyezi inayi. Mayeso oterowo akhalepo m'makosi ena monga alili kale. Pa pulojekiti njira ndi yomwe ija: mbiri ya ntchito ya sabata ndi sabata, kanema woonetsa povuta, ndi mafunso a munthu payekha. Wophunzira amene wathandizidwa ndi makina koma akutha kufotokoza ndi kusintha mzere uliwonse wachita zimene ifenso timachita kuntchito masiku ano, pamene wongokopera amagwa pa funso loyamba.

Aphunzitsi nawo ali ndi dandaulo lawo, loti m'kalasi ya anthu ambiri zonsezi ndi katundu wosasenzeka. Sindikukana kuti ndi ntchito, koma masamu ake si oopsa monga amamvekera. Kalasi ya ophunzira 80 ndi magulu 20 a anthu anayi, makanema awo omaliza onse amaonedwa m'maola awiri, ndipo mafunso a mphindi 10 kwa aliyense sakwana maola 14, amene aphunzitsi atatu akhoza kugawana m'masiku awiri. Kuyang'anira ndi kuwerenga mapulojekiti 80 a munthu payekha, zimene ena akufuna kuti tibwerereko, n'kolemera kuposa pamenepo.

Zonsezi zikhoza kulembedwa bwino m'malamulo koma n'kulephereka ngati kukonzekera kwachedwa, ndipo apa ndi pamene ndikuona kuti timalakwitsa kwambiri. Magulu ambiri amapangidwa chaka chomaliza chitayamba kale, amatha mwezi akusakasaka mutu, kenako amasankha chinthu choposa msinkhu wawo: pulogalamu yoyendetsa chipatala chonse chachikulu ngati Queen Elizabeth, kapena yolondola maminibasi onse a pakati pa Limbe ndi Blantyre, yokhala ndi mapu, malipiro a pafoni ndi AI pamwamba pake. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Pofika mwezi womaliza amakhala ndi masamba okongola ambirimbiri koma popanda ngakhale chinthu chimodzi chogwira ntchito mpaka kumapeto. Pempho langa n'lakuti magulu azipangidwa mu semesita yomaliza ya chaka chachitatu, kuti patchuthi akapeze munthu weniweni wa vuto lenileni, monga msungichuma wa banki m'khonde ku Ndirande amene kope lake linanyowa ndi mvula, kapena mkulu wa sukulu yaing'ono amene amalondola fizi m'mabuku atatu osagwirizana. Pobwerera kusukulu gulu likhale ndi tsamba limodzi lonena zinthu zitatu zimene pulogalamu idzachite, dzina la amene adzagwire chilichonse mwa zitatuzo, ndi mndandanda wa zimene pulogalamuyo sidzachita. Kwa ine mndandanda womalizawu ndiwo wofunika kwambiri, chifukwa ndi umene gulu lidzatulutse tsiku limene wina adzabwere ndi maganizo atsopano patangotsala masabata atatu.

Kukula kwa gulu nakonso ndi nkhani ya kukonzekera. Anthu atatu ali ndi njira zitatu zolumikizirana awiriawiri, anthu anayi ali ndi 6, asanu ali ndi 10, ndipo anthu 8 ali ndi 28, kotero gulu likamakula nthawi yambiri imathera pa kumvana m'malo mwa kulemba. Fred Brooks, amene anatsogolera ntchito yaikulu ya mapulogalamu ku kampani ya makompyuta ya IBM, analemba mu 1975 kuti kuonjezera anthu pa pulojekiti imene yachedwa kale kumangoichedwetsa kwambiri, ndipo mphunzitsi amene amaponya wophunzira wosowa kolowera m'gulu lina pakati pa chaka ayenera kuiganizira mfundo imeneyi. Anthu atatu kapena anayi akwanira. Ndiponso m'malo mwa kanema mmodzi wa kumapeto, pakhale atatu: wa mphindi ziwiri pa sabata yachinayi woonetsa vuto ndi mwini vutolo, wina wa pakati pa chaka woonetsa chinthu chimodzi chikuyenda kuyambira poyamba mpaka pomaliza ngakhale chili chosaoneka bwino, ndi womaliza uja. Wa pakatiyo ndiye amene ndingamuikire kumbuyo kwambiri, chifukwa amaulula gulu limene likumira nthawi yolivuula ikadalipo. Pa woyambayo pali chenjezo limodzi. Dziko lino lili ndi lamulo la mu 2024 loteteza uthenga wokhudza munthu, limene MACRA, bungwe loona za mauthenga ndi mafoni, inapatsidwa udindo woliyang'anira, choncho gulu lisajambule kope la banki m'khonde mayina a amayi ndi ngongole zawo zili poyera. Lipemphe chilolezo kwa aliyense woonekera, ndipo poonetsa pulogalamu ligwiritse ntchito mayina ndi nambala zopeka.

Gulu la kunyumba kwanga lija ndinalipempha kuti lisiye kaye za kanema kwa masabata awiri. Funso la netiweki analitenga ndi mtsikana uja, amene kufikira tsikulo dzina lake linali lisanaonekepo pa khodi. Anakonza zoti malonda azisungidwa kaye pamakina a m'sitolo n'kutumizidwa netiweki ikabwerera, ndipo zinamudyera mausiku angapo ndi kulakwitsa kambirimbiri. Atabweranso kudzajambula, chitini cha mkaka chija sichinafunikenso. Anajambula sikirini, iye mwini anazimitsa intaneti pafoni imene inkadyetsa laputopu, analemba malonda a mabotolo awiri, anaiyatsanso, ndipo manambala anakafika kumene ankayenera kufika. Tambala wa aneba akumveka kawiri m'kanemamo, koma palibe amene anavutika kumuchotsa. Tsiku limenelo anabwera anayi. Wachisanu anatumiza uthenga pa WhatsApp kuti watanganidwa pang'ono, monga anachitiranso pa misonkhano iwiri ya m'masabata amenewo, koma dzina lake lili pachikuto cha lipoti, ndipo monga malamulo a kosi yawo alili lero, adzalandira malikisi ofanana ndi a mtsikana uja.